Alberto Burri: dokotala wa ku Italy amene anasiya kuchiza anthu n'kuyamba kusoka ziguduli

M'chaka cha 1959, phungu wa nyumba ya Seneti ku Italy, Umberto Terracini wa chipani cha Chikomyunizimu, anapempha boma kuti linene ndalama zimene nyumba yaikulu yoonetsera zaluso mumzinda wa Roma, Galleria Nazionale d'Arte Moderna, inataya pa chinthu chimene iye ankachiona kuti ndi chiguduli chakutha ndi chauve, chimene munthu wina anangochikoloweka pakhoma n'kumati ndi chithunzi. Chinthucho chinali Grande Sacco, kutanthauza thumba lalikulu, ntchito ya Alberto Burri ya mu 1952, ndipo amene anachiika pakhomapo anali mkulu wa nyumbayo, mayi Palma Bucarelli, amene anaikira kumbuyo ntchitoyo mosagwedezeka. Patapita zaka 57, mu Febuluwale 2016, chiguduli china cha Burri yemweyo chotchedwa Sacco e Rosso chinagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's ku London pa mtengo woposa mapaundi 9 miliyoni. Mtengowo sutsimikiza kuti phungu uja analakwa, pakuti anthu achuma amagula zinthu zambiri zopanda pake, koma funso lakelo ndi lofunika kuliyankha bwino: zimatheka bwanji kuti thumba lotayidwa likhale chithunzi, nanga munthu amene analisokayo ankafuna chiyani?

Burri anabadwa pa 12 Malichi 1915 ku Città di Castello, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Umbria, m'chigwa cha mtsinje wa Tiber. Bambo ake ankagulitsa vinyo ndipo mayi ake anali mphunzitsi wa kupulayimale. Sanaphunzire zojambula kusukulu ina iliyonse. Anachita maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Perugia, kumene anamaliza mu 1940. Komabe dera limene anakuliramo ndi lodzaza ndi ntchito za akatswiri akale. Tauni ya Sansepolcro, kwawo kwa katswiri wakale wojambula Piero della Francesca, ili pafupi ndithu, ndipo katswiri wina, Raphael, ali mnyamata anajambula chithunzi chake cha ukwati wa Maria mu 1504 kuti chikakhale m'tchalitchi cha ku Città di Castello komweko. Maso a Burri anazolowera msanga zithunzi zimene chilichonse chili pamalo pake, mopimidwa, ndipo zimenezi zinadzaonekera pambuyo pake m'ntchito zimene poyamba anthu ankaziyesa zinyalala.

Pali gawo la moyo wake limene mabuku ambiri oyamikira luso lake amadutsapo mothamanga, koma munthu wa ku Africa sangalidumphe. Mu 1935, ali wophunzira wa zaka 20, Burri anadzipereka yekha kukalowa usilikali pa nkhondo imene mtsogoleri wa Italy Benito Mussolini anaukira nayo dziko la Ethiopia, nkhondo imene asilikali a Italy anagwiritsa ntchito mpweya wa poizoni pa anthu a dzikolo. Anabwerera kusukulu mu 1936. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, anatumizidwa kumpoto kwa Africa ngati dokotala wa asilikali, ndipo mu Meyi 1943 anagwidwa ndi asilikali a Britain ku Tunisia. Tizikumbukira kuti pa nkhondo yomweyo asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles analimbana ndi asilikali a Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia, choncho mbali imene Burri anasankha inali mbali imene agogo athu ena anakamenyana nayo. Luso lake silifafaniza zimenezi, ndipo sindiona chifukwa chonamizira kuti mnyamata wodziperekayo ndi mkulu wosoka ziguduliyo anali anthu awiri osiyana.

Atagwidwa anaperekedwa m'manja mwa asilikali a America, amene anamutengera kundende ya akaidi a nkhondo ku Hereford m'chigawo cha Texas. Iye anali m'gulu la akaidi amene anakana kusaina chikalata chogwirizana ndi mayiko amene anawagonjetsa, ndipo anakhala kumeneko mpaka 1946. M'chaka chomwe anagwidwacho, mng'ono wake Vittorio anathera kunkhondo ya ku Russia. Ku Hereford n'kumene Burri anayamba kujambula, ndipo chimodzi mwa zithunzi zochepa zimene anasunga za nthawi imeneyo, chotchedwa Texas cha mu 1945, chimaonetsa dziko lofiira lopanda mitengo, mpanda, makina opopera madzi oyendera mphepo, ndi sitima ikudutsa patali. Pobwerera kwawo anali atatsimikiza mtima kuti sadzagwiranso ntchito ya udokotala. Abale ake anakhumudwa, ndipo m'pomveka, chifukwa dziko linali litaphwasuka, ntchito zinali zosowa, ndipo munthu wa zaka 31 wokhala ndi digiri ya udokotala ankasiya ntchito yodalirika kuti akayambe ntchito imene sanaiphunzire.

Anakhazikika ku Roma, ndipo chionetsero chake choyamba chinachitika mu 1947 pamalo otchedwa La Margherita. Zithunzi za pachionetserocho zinali zoonetsa zinthu zozindikirika, koma pasanathe zaka ziwiri anali atasiyiratu kujambula anthu, nyumba kapena mapiri. Anayamba kusakaniza utoto ndi phula, mchenga ndi miyala yopera, ndipo pa zithunzi zina ankalowetsa ndodo kapena chitsulo kuseri kwa nsalu kuti itukumuke ngati linunda. Mu 1949 anapanga SZ1, chithunzi chimene anamatapo chidutswa cha thumba la shuga lokhala ndi zilembo ndi chizindikiro cha mbendera ya America. Matumba oterewa anali paliponse ku Italy nthawi imeneyo, pakuti dzikolo linkadalira thandizo la chakudya lochokera ku America pansi pa ndondomeko ya Marshall Plan. Aliyense woona chidutswacho ankadziwa kumene chinachokera ndiponso chifukwa chimene chinafikira m'nyumba za anthu.

Kuti timvetse chimene chinali chachilendo pa ziguduli zimene zinatsatira, tiyenera kuganizira zimene wojambula wa ku Ulaya ankachita kwa zaka mazana ambiri. Ankatenga nsalu, kuikunga pathabwa, kuipaka zoyera, kenako n'kuibisa yonse ndi utoto kuti woonera aiwale kuti pali nsalu, aziona nkhope ya munthu kapena nyanja. Nsaluyo inali yongonyamula chithunzi. Ngakhale akatswiri a m'zaka za m'ma 1900 amene anasiya kujambula zinthu zozindikirika ankadalirabe utoto ndi bulashi, ndipo ena monga Pablo Picasso ndi Kurt Schwitters amene ankamata mapepala ndi tizidutswa ta zinthu anali atatsegula kale njira ina. Chimene Burri anachita ndi kupereka ntchito yonse ya utoto kwa chiguduli chenichenicho. Mtundu wa chithunzi ndiwo mtundu wa thumbalo, pena lofiirira, pena lotuwa ndi dzuwa, pena lothimbirira ndi mafuta. Mzere ndiwo msoko. Mthunzi ndiwo bowo.

Munthu akaima pafupi ndi chimodzi cha ziguduli zimenezi amaona kuti palibe chimene chinangochitika mwangozi. Zidutswa za matumba osiyana zalumikizidwa ndi ulusi, pena ndi misoko yaing'ono yolongosoka, pena ndi chingwe chokhuthala chimene chakoka nsaluyo mpaka kuchita makwinya. Pali zigamba zimene eni thumba anaika kale asanalitaye, ndi zigamba zina zimene Burri anawonjezera. Pamalo ena nsalu yanyenyeka n'kusiya bowo, ndipo kuseri kwa bowolo kukuoneka utoto wakuda bii kapena wofiira psu, nthawi zina ndi kadontho ka golide. Ukabwerera m'mbuyo mapazi angapo, zonsezo zimakhala bata: chigawo chachikulu chakuda chikulemera mbali imodzi, chigamba chotuwa chikuchiyankha mbali inayo, ndipo mizere yoimirira ndi yopingasa ikugwira chithunzi chonse kuti chisapendekeke. Kupima kotereku n'kumene kumachititsa akatswiri ambiri kutchula Piero della Francesca akamakamba za Burri.

Apa ndi pamene pagona mkangano umene sunathe mpaka lero. Mu 1953 ntchito zake zinafika ku America, ku Allan Frumkin Gallery ya ku Chicago ndi ku Guggenheim Museum ya ku New York, imene mkulu wake James Johnson Sweeney anadzalemba buku loyamba lofotokoza za Burri mu 1955. Sweeney ndi ena ambiri pambuyo pake anaona m'ziguduli zija thupi la munthu wovulala: chiguduli ngati khungu kapena bandeji, utoto wofiira ngati magazi, misoko ngati ya dokotala wa kunkhondo. Kufotokoza kumeneku kunafalikira msanga chifukwa kunkagwirizana bwino ndi mbiri ya munthuyo, dokotala wogwidwa kunkhondo wochokera m'dziko logonja. Burri mwiniwake anakukana moyo wake wonse. Sankakonda kufunsidwa mafunso ndi atolankhani, ankati mawu sathandiza pa zithunzi zake, ndipo akakakamizika kuyankha ankanena za maonekedwe, malo ndi kulinganiza zinthu basi. N'chifukwa chake mayina a ntchito zake amangotchula chinthu chimene wagwiritsa ntchito, mtundu wake, ndipo kawirikawiri chilembo kapena nambala.

Ine ndimaona kuti Burri ankanena zoona pa zimene ankafuna kuchita, koma sakanatha kulamula zimene thumbalo limabwera nazo. Utoto wochokera m'chubu ulibe mbiri, pamene chiguduli chakutha chinanyamulapo ufa kapena shuga, chinadutsa m'manja mwa anthu osauka amene anachisoka kangapo chifukwa analibe china, ndipo zonsezo zimaoneka. Munthu amene wasankha chinthu choterocho patangopita zaka zochepa nkhondo itatha, n'kuchisoka ndi manja amene anaphunzira kusoka mabala, sangayembekezere kuti oonera aziona mizere ndi mitundu yokha. Koma nawonso amene amangoona mabala amataya theka la ntchitoyo, pakuti mphamvu yake ili pa kukumana kwa zinthu ziwirizi: chinthu chowonongeka chimene chaikidwa m'dongosolo lokhwima ngati la zithunzi za m'matchalitchi a kwawo. Kukana kwake kufotokoza kungakhalenso kunali njira ya munthu amene sankafuna kufunsidwa za Ethiopia, za Tunisia ndi za mbali imene anaima.

Kumayambiriro kwa 1953, wojambula wachinyamata wa ku America Robert Rauschenberg anakacheza kumalo kumene Burri ankagwirira ntchito ku Roma n'kuona ziguduli zikuluzikulu, ndipo chaka chotsatira anayamba kupanga ntchito zake zosakaniza utoto ndi zinthu zotoledwa. Akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa zimene anatengako. Ku Italy komweko, achinyamata a gulu limene wolemba za zaluso Germano Celant analitcha Arte Povera (luso laumphawi) mu 1967, amene ankagwiritsa ntchito malasha, nsanza, dothi ndi zitsulo, anapeza njira italambulidwa kale, ngakhale Burri sanadziwerengere m'gulu lawo. Ndipotu magulu sankawakonda: gulu la Origine limene analowamo pamodzi ndi Giuseppe Capogrossi, Ettore Colla ndi Mario Ballocco linatha mu 1951, chaka chomwe linachititsa chionetsero chake.

Ziguduli zitayamba kugulidwa, iye sanakhalepo nthawi yaitali. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 anayamba kugwiritsa ntchito moto: ankawotcha mapepala ndi timatabwa topyapyala n'kuzimitsa lawi pamalo pamene wafuna kuti mzere wakuda uthere. Mu 1958 anatembenukira ku malata achitsulo ongochokera kufakitale, amene ankawadula ndi kuwawotcherera. Kenako m'zaka za m'ma 1960 kunabwera mapulasitiki, amene ndi ntchito zake zoopsa kuziona. Ankakunga pulasitiki pa felemu, yofiira, yakuda kapena yoonekera mkati, n'kuiyandikira ndi chida cha moto cha owotcherera. Pulasitikiyo inkasungunuka, kuchita mabowo, kulendewera, ndipo iye ankaiuzira, kuitsina ndi zala isanazizire, ndi kusiya mwaye pamene waufuna. Zithunzi zimene Aurelio Amendola anamujambula ndi kamera ali pantchito zimamuonetsa ataima kuseri kwa pulasitiki yoonekera mkati, moto uli m'manja. Chofunika kuona apa n'chakuti pulasitiki sinali chinthu cha umphawi ayi. Inali chizindikiro cha chuma chatsopano cha mafakitale a Italy m'zaka zimenezo. Zikusonyeza kuti nkhani yake sinali umphawi wokha, koma mmene chinthu chilichonse chimasinthira chikang'ambidwa, kupsa kapena kuuma, ndi mmene munthu angaimitsire kusinthako pa mphindi yoyenera.

Mu 1955 anakwatira Minsa Craig, katswiri wovina wa ku America, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 banjali linkakhala miyezi yozizira ku Los Angeles. Kumeneko Burri ankakonda kupita kuchipululu cha Death Valley, kumene nthaka youma imang'ambika, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayamba ntchito zotchedwa Cretti, kutanthauza ming'alu. Ankasakaniza dothi loyera la kaolin, utoto woyera ndi guluu, kupaka phala lokhuthalalo pabolodi, n'kulisiya kuti liume ndi kuchita ming'alu, monga limachitira dothi la kudambo mu Okutobala mvula isanagwe. Kukula kwa ming'aluyo ankakulamulira posintha kukhuthala kwa phalalo ndi kuchuluka kwa guluu, ndipo ikafika pamene wafuna ankaimata kuti isapitirire. Awiri mwa ma Cretti akuluakulu, opangidwa ndi zidutswa za dongo lowotcha lakuda, ali pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles ndi ku Museo di Capodimonte ku Naples.

Anali munthu wosagonja msanga. Mu 1973 anamanga bwalo la zisudzo lapanja lotchedwa Teatro Continuo m'paki ya Sempione ku Milan, ndipo akuluakulu a mzindawo ataligwetsa mu 1989, iye analumbira kuti sadzaonetsanso ntchito zake ku Milan. Bwalolo linamangidwanso mu 2015. Ntchito zake zabwino zambiri sanazigulitse. Mu 1978 anakhazikitsa bungwe loti lizizisunga kwawo ku Città di Castello, ndipo mu 1981 zinayamba kuonetsedwa m'nyumba yakale ya Palazzo Albizzini, ya banja limene linapatsa Raphael ntchito ya chithunzi chija cha mu 1504. Zikuluzikulu za zaka zake zomaliza, zimene ankazipanga pa mabolodi omangira nyumba otchedwa Celotex, anaziika m'zigafa zazikulu zoumitsiramo fodya kunja kwa tauniyo, pakuti chigwa chimenecho n'cholima fodya kwambiri. Zigafazo, zimene mu 1966 zinathandiza kuumitsa mabuku amene ananyowa madzi atasefukira ku Florence, anazipaka utoto wakuda kunja konse ndipo zinatsegulidwa mu 1990. Anasankha yekha khoma la ntchito iliyonse, kotero kuti wopita kumeneko amaona Burri monga mmene Burri ankafunira kuonedwa.

Ntchito yake yaikulu koposa ili pa chilumba cha Sicily, kum'mwera kwa Italy. Usiku wa pa 14 kuchera pa 15 Januwale 1968, chivomezi chinagwedeza chigwa cha Belice, n'kupha anthu mazana angapo ndi kusiya zikwi zambiri alibe pokhala. Tauni ya Gibellina inagwa yonse, ndipo boma linamanga ina yatsopano pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Meya wa tauniyo, Ludovico Corrao, anaitana akatswiri a zaluso ndi a zomangamanga kuti akongoletse tauni yatsopanoyo, koma Burri atafika anaona kuti kumeneko kulibe chimene angawonjezere, ndipo anapempha kuti amuperekeze kumabwinja. Maganizo amene anabwera nawo anali akuti zigumukire za nyumba ziunjikidwe pamalo pomwepo, zimangidwe ndi mawaya, kenako zikutidwe ndi simenti yoyera, n'kusiya mipata imene yambiri ikutsata misewu ya tauni yakale. Zotsatira zake ndi Cretto ya pafupifupi mahekitala 8 yoyalidwa pamtsetse wa phiri, ya zigawo zotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, zolekanitsidwa ndi tinjira ta mamita awiri kapena atatu m'lifupi. Munthu amayenda m'ming'aluyo mutu uli pamwamba pa simenti, akudziwa kuti m'kati mwa chigawo chilichonse muli makoma, zitseko ndi ziwiya za mabanja.

Si onse a ku Gibellina amene anakondwera. Ena mwa opulumuka ankapitabe kumabwinjako kukaona pamene panali nyumba zawo, ndipo kwa iwo simentiyo inakwirira kachiwiri chimene chivomezi chinasiya. Dandaulo limeneli ndi lolemera, ndipo sindiganiza kuti kukongola kwa ntchitoyo kumaliyankha kotheratu. Mlendo wochokera ku Umbria anapatsidwa mphamvu pa chikumbutso cha anthu amene sanakhale nawo pa tsoka lawo. Chimene chinganenedwe kumbali yake n'chakuti mabwinja osiyidwa amamera tchire ndi kugumuka mpaka kusowa, pamene simentiyo yasunga malo a tauniyo ndi mayendedwe a misewu yake. Apanso Burri sanaikepo dzina la munthu, chiboliboli kapena mawu alionse ofotokoza.

Ntchitoyo inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1980 ndipo inaima mu 1989 ndalama zitatha, mbali ina isanamalizidwe. Burri, amene mapapo ake anali atafooka, anasamukira kum'mwera kwa France ku Beaulieu-sur-Mer, ndipo anamwalira ku Nice pa 13 Febuluwale 1995 asanaione itatha. Inamalizidwa mu 2015, chaka chimene akanakwanitsa zaka 100, pamenenso Guggenheim Museum inachititsa chionetsero chachikulu cha ntchito zake chokonzedwa ndi Emily Braun, amene anabwezeretsa nkhani ya nkhondo ndi ya ndale pakati pa zokambirana za Burri. Osamalira ntchito zake tsopano ali ndi vuto limene iye anawasiyira: pulasitiki imauma ndi kusweka ikakalamba, ulusi wa chiguduli umafumbwa, ndipo simenti ya ku Gibellina imada ndi kumera udzu m'ming'alu, kotero kuti nthawi ndi nthawi amayenera kugamula kuti kuwonongeka kumene Burri anakufuna kukuthera pati, ndipo kumene kukufunika kukonzedwa kukuyambira pati. Mu 2024 boma la Italy linasankha Gibellina kukhala likulu loyamba la dzikolo la zaluso zamakono m'chaka cha 2026.